Madzi a Sopo M'mabuleki a Saidi

Abale anga, zikomo pondipatsa mpata. Ine si munthu woyankhula pagulu, choncho mukaona ndikukoka mawu mundipirire. Ambiri mumandidziwa kuti a Fundi a pa Benga. Dzinali anandipatsa ndi anzathu achisilamu, kutanthauza mmisiri, ndipo linamera mpaka la ubatizo linaiwalika. Ndine makaniko. Abusa andipempha kuti ndinene za mowa, poti ndiwo watisonkhanitsa muno. Ndinena. Koma kwa ine mowa unabwera pambuyo. Panali chinthu chimene ndinkabisa pansi pake, ndipo ndiyambira pamenepo.

Mkazi wanga, amake Esnati, anamwalira chaka chija tinaponya voti yofuna zipani zambiri. Mwana wathu mmodzi yekhayo anali atakwatiwa kale ku Salima. Ndinatsala ndekha m'nyumba ya zipinda zitatu. Sindinamwe nthawi imeneyo. Ndinkapemphera m'mawa, kupita ku shedi yanga, kubwerako, kupempheranso. Lamulungu ndinkawerenga mawu m'tchalitchi.

Dziko linali litangomasuka. Kale amuna khumi mukasonkhana pa dambo popanda chifukwa chomveka, mawa lake munkakafotokoza kwa anthu osaseka. Tsopano aliyense ankachita zake. Galimoto zakutha za m'maofesi zinkagulitsidwa motchipa, ndipo anthu angapo okonda liwiro anayamba kukumana pa dambo louma la kumunsi kwa msewu, miyezi yotentha, mpunga ukakololedwa. Ankaika migolo ndi nsungwi polemba njira, n'kumazungulira maulendo khumi ndi awiri. Wopambana ankatenga mbuzi. Mbuziyo tinkawotcha pomwepo n'kudya tonse, ndiye musaganize kuti panali chuma.

Mnzanga Saidi, amene ndinakula naye, anali wamalonda a usipa ndi utaka wouma. Tsiku lina anafika pa shedi yanga ng'ombe ziwiri zikukoka chigoba cha galimoto, chopanda galasi ngakhale limodzi.

"A Fundi, inu akhristu mumati akufa amauka. Nayu wakufa wanu. Muutseni."

Ndinaseka koyamba chimwalirire mkazi wanga. Miyezi isanu ndi iwiri ndinali pa galimoto ija. Ndinatsitsa injini, ndinapala mutu wake pa galasi lathyathyathya mpaka manja anatupa, ndinachotsa mipando ya kumbuyo kuti ipepuke, ekizozi ndinaidula. Kabuleta ndinkaisintha ndi khutu, pang'onopang'ono, mpaka injini inayamba kulira mawu amene ndinkafuna. A Saidi anaitcha Mwera. Woyendetsa anali iwo, ine ndinali wa masipanala.

Kawiri konse tinathera pambuyo pa a Nyirenda, kalaliki wina wa kumpoto amene ankachokera ku Dwangwa. Anali munthu wanthabwala. Ankabwera pa boneti yathu, n'kutchera khutu.

"Fundi, iyi ni galimoto panji chigayo?"

Anthu ankaseka. Inenso ndinkaseka, koma mumtima zinkandidya. Ndinkafuna tsiku limodzi lokha loti anthu amve injini yanga ili patsogolo.

Loweruka la mpikisano wachitatu ndinalawira ku shedi. Pansi pa tayala la kumbuyo panali ponyowa. Paipi ya mabuleki inali itang'ambika, mafuta onse atathera m'dothi. Paipi ndinakonza msanga. Nditatenga botolo la mafuta a mabuleki, munali mouma. Mafutawo ankapezeka ku boma kapena ku Salima. Kupita ndi kubwera, ndikanapeza mbuzi itadyedwa.

Amene munayendapo pa malole a nsomba mukudziwa zimene timachita patchire. Timasungunula sopo waufa m'madzi n'kuthira m'malo mwa mafuta, lole n'kufika kumene ikupita. Ndinali nditachitapo kambirimbiri. Koma lole imayenda ngati nkhalamba, buleki amaponda mwa apo ndi apo. Galimoto ya mpikisano amaponda pa khona iliyonse. Zitsulo zimapsa, madzi amawira, ndipo nthunzi sigwira kanthu. Musaganize kuti sindinkadziwa. Ndinkadziwa bwinobwino. Ndinadziuza kuti maulendo khumi ndi awiri si ambiri. Ndinasungunula sopo m'kapu yanga yomwera tiyi, kuseri kwa shedi, n'kuthira.

A Saidi anafika atavala malaya awo oyera.

"Mwera wadzuka bwanji, a Fundi?"

"Wadzuka bwino."

Mawu awiri amenewo. Ndikanangonena kuti lero tisapite.

Pa ulendo wachisanu ndi chinayi a Saidi anali patsogolo, a Nyirenda akumwa fumbi lawo. Anthu ankakuwa dzina langa. Pofika pa khona ya pa chulu chachikulu ndinaona nyali zofiira za kumbuyo zikuyaka, koma galimoto osachepetsa liwiro. Ine ndekha pa dambo lonse lija ndinadziwa chimene chikuchitika. Inakwera chulu, inagubuduka kawiri, n'kugona chagada.

A Saidi anakhala miyezi inayi m'chipatala, kuyambira ku boma mpaka ku Lilongwe. Anabwerako miyendo yosagwira, kuyambira m'chiuno. Galimoto anaikokera pakhomo pawo n'kuifunditsa mikeka yakutha. Palibe anaitsegula.

Anthu sakhala opanda wowaloza. Zinayamba kumveka kuti a Nyirenda anazungulira galimoto yathu m'mawa uja, kuti anthu a kwawo amayenda ndi zitsamba. Ankazinena pamaso panga, ine ndili chete. A Nyirenda anasiya kubwera kuno, mpikisano nawo unatha. A Saidi okha ndiwo ankakana. Ankati, "Siyani munthu. Allah analemba, ine ndavomera."

Ndinapita kukawaona kamodzi. Anandigwira dzanja n'kundipepesa kuti anandiphwanyira ntchito yanga ya miyezi isanu ndi iwiri. Pobwerera sindinafike kunyumba. Ndinakhotera kuseri kwa msika, kwa mayi wina wotcheza kachasu. Ndinali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, ndisanalawepo dontho.

Zotsatira mukuzidziwa, poti ndi njira imene ambiri muno tinayendamo. Kutchalitchi ndinasiya, chifukwa ndikaimirira kuti ndiwerenge mawu, lilime linkauma. Jeke inapita. Masipanala anapita imodziimodzi. Shedi inagwa ndi mvula, sindinaidzutse. Ndinkamwa kuyambira m'mawa kuti pofika masana ndisaonenso nyali zofiira zija. Esnati anabwera kuchokera ku Salima n'kundipeza nditagona mu ngalande ya pamsika, dzuwa lili paliwombo, nditadziipitsira. Ananditengera kunyumba, kundisambitsa ngati khanda, kundiphikira phala. Pochoka anagwada pakhomo n'kunena kuti, "Bambo, ana anga sindibwera nawonso kuno." Zinatero zaka ziwiri.

Tsiku lina m'mawa, ndili pa benchi ya kwa mayi wa kachasu uja, ndinaona mzimayi wofunda mpango kumutu ataima patali. Anali mayi Amina, akazi awo a Saidi. Mzimayi wachisilamu kuima pa malo a mowa, msika wonse ukuona. Ndinadzikoka n'kupita pamene anali.

"A Fundi, bambo akukufunani."

"Mukawauze ndibwera ndikapezako bwino."

"Anena kuti mukayankha choncho, ndikhale pompano mpaka mupeze bwinoko."

Ndinawatsatira.

A Saidi anali pa khonde, atatsamira khoma, miyendo itaonda ngati nkhafi. Atandiona anakweza manja onse awiri.

"Aa, a Fundi! Mwanenepatu. Kachasu akukulerani bwino."

"Mwadzuka bwanji, a Saidi?"

"Theka la kumtundali ladzuka bwino. La kumunsili likadagona, ndi laulesi. Khalani pansi, mukundichititsa chizungulire."

Anandiuza kuti ali m'chipatala ku Lilongwe anaona bambo wina wolumala ngati iwo akuyendetsa galimoto ndi manja okha. Buleki ndi kilatchi zinali pa zitsulo zokoka, moto pa chingwe. Zaka ziwiri zonsezi zinali m'mutu mwawo.

"Sindikufuna mpikisano. Ndikufuna ndizifika ndekha pa doko, ndiziona nsomba ndi maso anga. Anthu amene ndimawatuma amandibweretsera zowola. Ndatopa kunyamulidwa ngati thumba la mpunga. Ndipo inu mukufa, a Fundi. Ndakhala ndikumva. Mukudzipha chifukwa cha ngozi imene si yanu. Bwerani tithandizane, wopanda miyendo ndi wopanda mutu."

Ndinavomera chifukwa ndinalibe mphamvu yokanira. Mayi Amina anakabwereka masipanala kwa mwini chigayo. Ndinachotsa mikeka ija. Denga linali litaphwanyika, koma injini inali yamoyo. Masiku atatu ndinagwira chilichonse kupatula mabuleki. Ndinawongola chitseko chimene sichinkafunika kuwongola. Ndinatsuka mapulagi kawiri.

Tsiku lachinayi a Saidi anauza akazi awo kuti awakokere pa mkeka pafupi ndi tayala la kutsogolo.

"Lero tione mabuleki, poti ndi pamene chitsulo changa chidzalumikizidwe. Ndipatseni chitini ndikugwirireni. Manjawa akadali pa ntchito."

Ndinagwada. Ndinatenga sipanala. Kanati ka paipi kanali katachita dzimbiri. Nditakamasula, munatuluka madzi ofiira a dzimbiri, pang'ono chabe, kenako zoyera zolimba ngati phala logona. Zinagwera m'chitini chimene a Saidi anagwira.

Anayang'ana nthawi yaitali. Anaviika chala, n'kupekesa ndi chala chachikulu. Ananunkhiza. Munthu amene wayenda pa malole a nsomba zaka makumi awiri sauzidwa. Mafuta a mabuleki sachititsa dzimbiri chotero.

"Mwina mvula inalowa," anatero, osandiyang'ana.

Anaviikanso chala m'chitinimo.

"Kapena ndi zoona zija ankanena anthu. A Nyirenda anafika pa galimoto m'mawa uja?"

Abale anga, apa ndiyende pang'onopang'ono. Mnzanga anali atanditsegulira makomo awiri. Ankafuna ndilowe pa limodzi, ndinamva m'mawu ake. Ndikanati mvula, akanavomera, ngakhale akudziwa kuti mvula silowa ndi sopo. Tikanamwa tiyi. Ndinayamba kukonza bodzalo pakamwa. Kenako ndinaona mayi Amina ataima pakhomo ndi beseni la nsalu zimene ankachapa tsiku ndi tsiku, nsalu za mwamuna wamkulu amene samva akafuna kutaya madzi. Sindinamve liwu lochokera kumwamba. Ndinangotopa.

"Ndine," ndinatero. "Paipi inang'ambika m'mawa uja. Mafuta ndinalibe. Ndinasungunula sopo m'kapu n'kuthira."

"Munkadziwa kuti amawira?"

"Ndinkadziwa."

"Nditakufunsani kuti Mwera wadzuka bwanji, munali mutathira kale?"

"Ndinali nditathira kale."

Anaika chitini pansi mosamala, ngati muli mkaka. Mayi Amina anakhala pansi pomwe anaima paja, beseni lili pamiyendo.

"Mukanandiuza," anatero a Saidi. "Mwina sindikanamva. Mukundidziwa, mwina ndikanati tiyeni choncho. Koma ndikanasankha ndine." Kenako anapitiriza. "Zaka ziwiri ndakhala ndikuswali chogona, ndikuuza Allah kuti ndavomera zimene analemba. Kani munalemba ndinu, m'kapu."

Ndinagwada mpaka chipumi chinafika m'dothi. Ndinapempha chikhululuko. Anauza akazi awo kuti awalowetse m'nyumba. Ali pakhomo anati, "Galimotoyo mumalize." Basi.

Ndikanakonda kukuuzani kuti kuyambira tsiku limenelo mtima unapepuka. Sunapepuke. Chimene chinasintha n'chakuti ndinalibenso chobisa, ndiye mowa unatsala wopanda ntchito, koma thupi linali litauzolowera. Ndikuuzani zimene ndinachita, mwina wina atolapo.

Ndinasiya kudutsa pamsika. Popita kwa a Saidi ndinkazungulira ku msewu waukulu, ulendo wotalika kawiri. Ndinapempha mnansi wanga wolima mpunga kuti azindidzutsa popita kudimba, ndizimugwirira ntchito mpaka dzuwa litakwera, ndidye, kenako ndizipita ku galimoto. Ndinaona kuti njala ndi kukhala chabe ndi zimene zinkandikokera ku benchi ija. Sabata yoyamba ndinkasanza ndi kuona nyerere pakhoma. Ndinagwa n'kumwanso kawiri. Kachiwiriko ndinadzuka n'kupita kwa abusa fungo likadali m'kamwa, osadikira kuti ndiyambe ndaoneka bwino.

Lamulungu lina ndinaimirira m'tchalitchi n'kunena zonse. Lachisanu lotsatira ndinakadikira panja pa mzikiti mpaka swala itatha, n'kuuza akuluakulu a kumeneko kuti a Nyirenda analibe mlandu. Mkulu wina analavula pansi. Sindimuweruza. Kenako ndinakwera matola kupita ku Dwangwa kuti ndikawagwadire a Nyirendawo. Ndinauzidwa kuti anasiya ntchito n'kubwerera kwawo, ndipo anamwalira chaka chapitacho. Anapita dzina la ufiti lili pamutu pawo, ine ndili ndi mawu owayeretsa m'kamwa. Ndinalembera akazi awo kalata. Yankho silinabwere.

Ntchito ndinayambiranso pa njinga zakapalasa ndi injini za zigayo, mpaka ndinagulanso masipanala angapo. Oyendetsa matola akabwera kuti ndiwathirire sopo afike ku boma, ndimakana, ndipo ndimawauza chifukwa chake pamaso pa anthu amene akwera. Amanditukwana n'kupita kwa wina amene amathira. Esnati wabwerako kamodzi. Ana sanabwere nawo.

Galimoto inanditengera miyezi isanu. Nthawi yonseyo a Saidi sanatulukenso pa khonde ine ndilipo. Mayi Amina ankaika kapu ya tiyi pa mwala, n'kudzaitenga ndikachoka. Mapaipi onse ndinasintha. Ndinasula zitsulo ziwiri zokoka, cha buleki ndi cha kilatchi, ndipo moto ndinaulumikiza pa chiwongolero ndi chingwe cha njinga yamoto. Tsiku lomaliza ndinakagula mafuta a mabuleki ku boma. Botolo sindinalitsegule. Ndinalipereka kwa mayi Amina kuti alowe nalo, amuna awo aone kuti n'lomata.

Anatuluka atawanyamula achimwene awo awiri. Botolo anatsegula okha, n'kundipatsa. Anayang'anitsitsa ndikuthira mpaka dontho lomaliza. Atawakhazika pa mpando, anakoka chitsulo cha buleki kangapo, kumvetsera kulimba kwake. Ine ndinayamba kutolera masipanala kuti ndizipita.

"Mukupita kuti?" Anali mawu awo oyamba kwa ine pa miyezi isanu.

"Ntchito yatha, a Saidi."

"Zungulirani. Khalani apa." Anamenya mpando wa pambali pawo. "Kuyambira lero galimoto iyi sidzayenda inu musanakhale pamenepa. Ikadzakana kuima, tidzakafotokozere limodzi."

Ndi mmene zilili mpaka lero. Lachiwiri ndi Loweruka timapita ku doko. Ndimawanyamula kuwaika pa chikuku cha olumala chimene ali nacho tsopano, amasankha nsomba, amatsutsana mtengo ndi asodzi, amaseka nawo monga kale. Tikabwerera m'galimoto kuseka kumatha. Kwa ine amangoti kwezani, tsitsani, tsekani. Dzina lija la Fundi sanalitchulenso. Chikhululuko ndinapempha kachiwiri, anakweza wailesi. Sindinapemphenso, poti si changa choti ndingalamule.

Choncho ngati muno muli wina amene wabisa chake pansi pa botolo, ndilibe chokoma chomulonjeza. Miyendo ya mnzanga sidzayendanso. A Nyirenda sadzamva. Zidzukulu zanga zikukula osandidziwa. Ndingonena kuti chaka chino ndi chachiwiri ndisanamwe, ndipo ndikagwada kupemphera ndimatha kufika pa Ameni. Kale sindinkafika.

Pali malo ena potsikira ku doko, pamene msewu umatsetsereka n'kukhota pa kamlatho ka matabwa. Tikamayandikira, a Saidi sachepetsa liwiro msanga. Amadikira, amadikirabe, mpaka ine nditagwira chitseko. Kenako amakoka chitsulo chija, galimoto n'kuima matabwa ali pamphuno. Amatembenuka n'kundiyang'ana. Ine ndimayang'ana pansi. Akatero amaika giya, n'kuwoloka.

Mawa ndi Lachiwiri. Mutipempherere tonse awiri, koma muyambe ndi iwo.